Njati Atakana Kutsuka M'kamwa

Padangokhala. Yankhani kuti tili tonse, ndipo musunthire pafupi, chifukwa iyi sindiikamba mokweza.

Kalelo nyama zinali ndi dziko lawo, ndipo mtsogoleri zinkachita kusankha. Nthawi ikakwana, ofuna mpando ankaima pabwalo, aliyense n'kukaima kumbuyo kwa amene mtima wake wamufuna. Wa mzere wautali ndiye ankatenga dziko. Njati analamulira mpaka nyanga zake zinayamba kuthetheka kunsonga, ndipo pa chisankho chotsatira nyama zambiri zinakaima kumbuyo kwa Ntchefu. Njati atacheuka anapeza kumbuyo kwake kuli abale ake okha, ndi timbalame tija timamudya nkhupakupa.

"Sanamusankhe ameneyo," anatero Njati. "Ntchefu ndi wamtali, ndipo dzuwa linali loswa mtengo. Anthuwa amangotsata mthunzi."

Atatero anapita kudambo kwake n'kulowa m'matope mpaka m'khosi.

Tsono kunali mwambo umene muyenera kuumvetsa, chifukwa nkhani yonse yagona pamenepa. Mtsogoleri akalamula kuti uje achoke, awoloke mtsinje, mawuwo ankamanga. Wothamangitsidwayo sankabwerera, ndipo womupatsa moto kapena chakudya nayenso ankawoloka. Chimene pakamwa pa mtsogoleri pamanga chinkamasulidwa ndi pakamwa pomwepo, osati pena. Ndiye pa tsiku lokhazika watsopano, wakaleyo ankabwera pabwalo kudzatsuka m'kamwa. Ankamupatsa madzi m'chikho, iye n'kuchukucha, n'kulavulira pansi, n'kutchula dzina la amene anamuthamangitsa. Dzina lililonse linali ndi madzi ake. Wotchulidwayo ankabwerera kwawo tsiku lomwelo. Maina akatha, watsopano ankakhala pamphasa ya ufumu, ng'oma n'kulira, ndipo kuyambira pamenepo pakamwa pa wakale panali ngati pa wina aliyense. Sipankamanganso, sipankamasulanso.

Atsogoleri ena ankabwera atatupa ndi mkwiyo, ena akulira, wina anachita kumunyamula pamachira, koma onse ankabwera. Panalibe amene anaganizapo kuti munthu angathe kungokhala osabwera.

Mwa amene Njati anawawolotsa munali Nachanza, mlongo wake wa Likongwe. Likongwe ameneyu anali kamunthu kowonda, kalilime lakuthwa, kodziwa kulowa m'mlandu n'kutulukamo kali kouma. Tsiku lina Njati akulankhula pamsonkhano, ntchentche inamulowa m'mphuno, ndipo Likongwe ananong'oneza mlongo wake kuti yapita kukaona ngati m'mutumo muli kanthu. Mwiniwake ananena nkhope ili gwa. Nachanza ndiye analephera kudzigwira, anaphulika nako kuseka. Pofika madzulo anali atawoloka ndi ana ake, Likongwe n'kutsala kuno, mwini mbumba wopanda mbumba.

Kutsidyako kunali alenje, agalu ndi misampha. Mwambo sunkaletsa kufuulirana pamtsinje, choncho Njati atagwa pachisankho, Likongwe anathamangira komweko.

"Achimwene, tamva kuti Njati wagwa. N'zoona?" anafunsa Nachanza ali tsidya lina.

"N'zoona, mlongo wanga. Mangani katundu."

"Ndinamanga kale. Wamng'ono uja agalu anamutenga. Awiri atsalawa sindikuwalola kutuluka kuuna, angofiira maso ndi mdima."

Likongwe anati, "Tsiku lokhazika Ntchefu mudzagona kwanu. Inu mukundidziwa ine."

"Ndimakudziwani, n'chifukwa chake ndili kuno," anatero Nachanza, koma sanatero mokwiya.

Tsikulo linafika. Nang'omba, amene anali mkulu wosunga mwambo, anayala mphasa, anaika chikho ndi mtsuko wa madzi, ng'oma n'kuikhazika pambali. Amayi amene anali ndi abale kutsidya anayamba nyimbo ya tsikulo. Nyimbo yake inali yapang'onopang'ono, yosavinika. Mmodzi ankatchula dzina la wake amene anawoloka, onse n'kuvomera kuti njira ya kwawo yamera udzu, amene anatseka abwere adzatsekule. Akatha, wina ankatchula lake, kuvomera kwake komweko.

Anaimba mpaka dzuwa linakwera, Njati osaoneka. Anatuma mthenga kudambo, ndipo anabwerako ndi mawu aafupi. Njati sanapereke chifukwa cha mutu kapena cha mwendo. Anangoti sabwera.

Nyimbo inaduka. Onse anayang'ana Nang'omba.

"Mwambo sunanenepo za munthu wosabwera," anatero Nang'omba akukanda pakhosi pake pofiira paja. "Chimene unanena n'chakuti dziko siligona lopanda mwini. Dzuwa lisanalowe, Ntchefu akhale pamphasa."

"Nanga akutsidya?" anafunsa Likongwe.

Nang'omba anayang'ana cha kutsidya. Mkazi wake nayenso anali komweko.

Likongwe anauza amayi aja kuti asaleke kuimba, iye n'kuliyatsa liwiro la kudambo.

"Odi kuno, bwana."

Njati anatsekula diso limodzi. "Ukadanditchabe bwana?"

"Nanga nditche ndani? Uja wa khosi lolendewera?"

Njati anapumira m'mphuno, matope n'kuchita thovu. Mawuwo anamukomera. "Wadzatani?"

"Ndadzakuuzani zimene akukubisirani. Kubwalo zinthu zatembenuka. Aja anaima kumbuyo kwa Ntchefu agona tulo, adzuka maso atatseguka. Kuyambira m'mawa akuimba nyimbo yokuitanani. Ntchefu wachita manyazi, walamula kuti inu musamve."

"Akundiitana ine?"

"Dzina silikuchoka pakamwa. Mukangotulukira, mphasa ija simuchita kupempha."

Njati anadzizula m'matope n'kuyamba kuyenda, Likongwe ali patsogolo kumuchotsera timitengo m'njira. Anayenda ndithu, mpaka mphepo inawabweretsera nyimbo ija. Njati anaima. Nyimboyo ankaidziwa, pakuti anaimva tsiku limene iye anakhala pamphasa, wakale wake atagwada ndi chikho m'manja.

"Ikundiitana, inde," anatero, "koma ikundiitanira chikho. Ukadzandinamizanso, iwe, ndidzakupondera m'matope, abale ako sadzapeza ndi mchira womwe."

Anabwerera n'kukalowa pomwe paja.

Likongwe anati, phiri likakana kusuntha, asunthe ndi munthu. Anapita kuseri kwa bwalo kumene Ntchefu ankamudzoza mafuta ndi kumupukuta nyanga. Nang'omba anali pomwepo.

"Bwana watsopano, dambo silili kutali. Tinyamule chikho, mtsuko ndi ng'oma, tonse tipite komweko. Akationa tamuzungulira, manyazi amugwira, alavula."

"Ine ndipite kwa Njati?" anafunsa Ntchefu.

"Kupita kokha n'kubwerako."

"Usaganize kuti sindikumva kuwawa, Likongwe. Amalume anga enieni ali kutsidya. Koma ndikapita kwa iye lero, ndidzapita kwa iye masiku onse. Adzati Ntchefu dziko anachita kukapempha chogwada."

"Kugwada kwa tsiku limodzi, bwana, anthu n'kubwera kwawo."

"Bondolo ndi langa, si lako."

Likongwe anatembenukira kwa Nang'omba. "Akulu, nenanipo kanthu."

"Onsewa ndi akuluakulu," anatero Nang'omba akuyang'ana pansi. "Ine ndimangogwira chikho."

Amati akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto, koma dambo la tsikulo linali louma. Kumbuyoku amayi anali akuimbabe, mawu atayamba kusasa. Otchula maina anali omwewo, koma ovomera anali atachepa, chifukwa ena anali atangokhala pansi manja ali m'khosi.

Likongwe anabwerera kudambo kachiwiri. Ulendo uno sanaodire.

"Bwana, ndabwera ndi mawu oipa. Mukafuna kundiponda mundiponde, koma muyambe mwamva."

"Nena."

"Akuti mukubisala. Akuti Njati uja ankagwedeza dziko lero wakwirira nkhope m'matope ngati chule, akuopa maso a anthu. Ena akuti miyendo inafa kalekale, munkangoimira ulemu."

Njati anadzuka, matope akuyoyoka. Maso anafiira. "Ine kubisala?"

"Ine ndawatsutsa, bwana, koma ndine mmodzi. Kafikeni pabwalo, akaone okha."

Njati anaponda kamodzi, kawiri. Kenako chinyamacho chinamuyang'ana kuchokera kumutu mpaka kumchira, ndipo chinabwerera pang'onopang'ono n'kukhalanso pansi.

"Iwe uli ndi wako kutsidya," anatero Njati.

Apa Likongwe nzeru zinamuthera, ndipo anachita chinthu chimene sanachizolowere. Ananena zoona.

"Mlongo wanga, bwana. Nachanza. Uja anaseka pamsonkhano. Mawu oseketsawo ndinanena ndine, iye anangoseka. Mwana mmodzi agalu amudya kale. Simuyenera kugwadira Ntchefu, simuyenera kumuyang'ana n'komwe. Madzi pang'ono, dzina, basi mwatha."

"Nachanza," anatero Njati ngati akulawa. "Sindikumukumbuka."

"Musamukumbuke, bwana. Mungomutchula."

"Tamvera, kamunthu iwe. Ndikalavula madzi aja, mawa m'dziko muno simukhala wonditchula. Adzavina, adzadya, Njati adzaiwalika ngati ndowe za chaka chatha. Koma ndikapanda kulavula, aliyense amene ali ndi wake kutsidya azidzuka ndi dzina langa, azigona ndi dzina langa. Anandikana pabwalo, ndiye andisunge m'mitima. Choka. Zakubisalazo, aona okha ngati ine ndimabisala."

Ine ndamvapo zankhanza zambiri, koma iyi imandinyansa kuposa zonse, chifukwa Njati sanali wopusa. Ankadziwa bwino chimene akuchita.

Likongwe anachoka dzuwa litapendeka. Analira pang'ono m'njira, kenako anapukuta maso, pakuti mutu wake sunkadziwa kukhala chete. Njati anali atakana, koma kodi bwalo linkafuna Njati, kapena linkafuna nyanga ndi madzi?

Anakapeza Nguluwe ndi mng'ono wake, amene mayi awo anali kutsidya.

"Mukuwafuna amayi anu?"

"Funso lanji limenelo?" anatero Nguluwe.

"Ndiye dulani nsungwi, mumwete udzu, mukatape matope akuda. Musandifunse kanthu."

M'nkhalango munali chigaza cha njati ina imene inafa kalekale. Anachitenga, anamanga chithunthu cha nsungwi, anachifolera ndi udzu, n'kuchimata matope mpaka udzu osaoneka. Nguluwe analowa kutsogolo, mng'ono wake kumbuyo. Likongwe anadzipinda m'chigazamo ali ndi chipanda choboola choti azilankhuliramo, mawu azimveka aakulu. Anatumiza mawu kwa amayi aja kuti akaona chinthu chikubwera aimbe mokweza, apondeponde pansi kuti fumbi likwere.

Kunena zoona, Njati wakeyo anali womvetsa chisoni. Miyendo inali yaifupi, ankaoneka ngati akuyenda chogwada. Kutsogolo kukapita kumanja, kumbuyo kunkatsalira kumanzere. Nyanga imodzi inkagwedera. Ngakhale Mfuko, amene maso ake sathandiza, anadziwa kuti ameneyu si Njati.

Chinthucho chinalowa pabwalo n'kuima. Fumbi linatsika, nyimbo inazima, kunangoti zii.

Nang'omba anatunga madzi m'chikho n'kuyandikira. Anasuzumira pabowo la diso, ndipo anakumana ndi diso la Likongwe. Anayang'anana nthawi yaitali.

"Mwafika, bwana," anatero Nang'omba.

"Ndafika," chinayankha chipanda.

Ndiye bwalo lonse, wina pambuyo pa mnzake, linayamba kunena kuti mwafika bwana, mwafika bwana. Panalibe wopusitsidwa pamenepo. Aliyense anali ndi wake kutsidya, ndipo aliyense anaona kuti bodza ili likhoza kubereka. Ntchefu naye anawerengera zake. Kukhala pamphasa wakale atabwera kunali kwaulemu kuposa kukhala ngati wolanda. Anangoweramitsa mutu pang'ono.

M'chigaza muja Likongwe anali atakonza kale ndondomeko ya maina. Anaganiza kuti akayamba ndi Nachanza, wina wa mtima woipa afuula kuti ameneyu ndi Likongwe, zonse n'kuthera pomwepo. Kunali bwino ayambe wamanga pakamwa pa onse amene angathe kuulula. Mlongo wake abwere kumapeto, pamene sipadzakhalanso wofuna kuti bodzali lifumbuke. Nzeru zimenezi sindingazinyoze. Inenso ndikanakhala m'chigazamo mwina ndikanaganiza chimodzimodzi.

Anapsontha madzi, anachukucha, analavulira pansi kudzera m'mano a chigaza, n'kutchula mkazi wa Nang'omba. Mkulu uja anatseka maso. Anapsonthanso, n'kutchula amalume a Ntchefu. Kenako mayi a Nguluwe, kuti miyendo ya Njati isathawe. Dzina lililonse likamveka, wothamanga mmodzi ankanyamuka kukalifuula kumtsinje.

Nyimbo inadzukanso, koma tsopano inasintha. Wotsogolera akatchula dzina, ovomera ankati udzu wa m'njira wagona, mwini nyumba akubwera, sesani pakhomo. Inayamba kuvinika. Amayi amene anali atakhala pansi aja anadzuka, nthungululu zili pakamwa.

Maina anali ambiri kuposa mmene Likongwe ankaganizira. Njati anali atalamulira nthawi yaitali, ndipo sankachedwa kupsa mtima. Panali amene anawoloka chifukwa chodutsa kutsogolo kwake, ena chifukwa chotsokomola, wina chifukwa chomupatsa moni mochedwa. Likongwe akati tsopano nditchule wanga, mayi wina ankagwira mwendo wa chinthucho.

"Wanga, bwana, musamuiwale. Ndi mwana mmodzi yekhayo."

Ankamutchula. Akati apume, nkhalamba ina inkagwada kutsogolo.

"Mkamwini wanga, bwana. Ndiye ankandilimira."

Ankamutchulanso. Akanakana bwanji? Wokanidwa ndiye akanafuula. M'kamwa munachita dzanzi, mtsuko unatsala pang'ono kuuma, m'kati mwa udzu munali kutentha ngati m'ng'anjo.

"Fulumira, msana watha," ananong'ona Nguluwe.

"Limbani, latsala limodzi," anayankha Likongwe.

Panalibenso wogwira mwendo. Nang'omba anapendeketsa mtsuko n'kukhetsera madzi otsala m'chikho. Likongwe anawapsontha, dzina la mlongo wake lili kale kukhosi.

Pomwepo timbalame ta nkhupakupa tinalira cha kumapeto kwa bwalo, mitu yonse n'kutembenuka.

Anali Njati weniweni. Anali atasamba, nyanga atazidzoza, abale ake ali pambuyo ndi mitolo pamutu. Ankachoka m'dzikomo, ndipo mwa njira zonse anasankha yodutsa m'mbali mwa bwalo, kuti amene ankati akubisala amuone. Ankayenda pang'onopang'ono, mutu uli m'mwamba, osacheukira mphasa, osacheukira chikho. Iye sanaone n'komwe chimene chinaima pakati pabwalo. Anachiona ndi mphwake wina amene anali kumapeto kwa mzere.

"Taonani, anthu inu," anafuula akuseka, "Ntchefu akukhazikidwa ndi mtolo wa udzu."

Ntchefu sanadikire kuti mawuwo azungulire bwalo. Anadziwa kuti akachedwa, wina anena kuti mwambo wonse wawonongeka, ayambirenso, mwina ndi chisankho chomwe. Analumpha n'kudzigwetsa pamphasa. Nang'omba, dzanja litazolowera, anamenya ng'oma.

Likongwe analavula. Chipanda chinali chitagwa, ndiye dzina la Nachanza linatuluka ndi mawu ake enieni, aang'ono, osasa. Ng'oma inali italira kale.

Nguluwe ndi mng'ono wake anabooleza udzu n'kuthawa, wina uku wina uko. Chithunthu chinagwa chammbali, chigaza chinagubuduka, Likongwe n'kutulukamo ali matope okhaokha. Njati anapitirira ulendo wake mpaka anazimiririka, ndipo m'nthano ino sabweranso.

Panabuka phokoso. Ena ankalira kuti maina onse afa. Nang'omba anakweza phiko.

"Madzi akatayika saoleka," anatero. "Maina amene anatchulidwa ng'oma isanalire, atchulidwa. Amenewo abwere."

Bwalo linavomera ndi mawu amodzi, ndipo Ntchefu anavomera nawo, poti amalume ake anali m'gulu lomwelo.

"Nanga lomaliza lija?" anafunsa Likongwe.

"Ng'oma inali italira, mwana wanga."

"Akulu, pakamwa paja panali pabodza kuyambira dzina loyamba. Inu munandiona ndi diso lanu. Ngati panamasula akazi anu, pamasulenso mlongo wanga. Mwadya bodza langa lonse, mukukana kachidutswa kotsala m'mbale?"

"Ndikalola la pambuyo pa ng'oma," anatero Nang'omba motsitsa mawu, "afunsanso za a patsogolo pa ng'oma. Usatipsetsere zonse."

Likongwe anayang'ana gulu lija. Anayang'ana mayi wa mwana mmodzi, anayang'ana nkhalamba ya mkamwini. Onse maso anali kunjira ya kumtsinje, ndipo akumbuyo anali atayamba kale kuchoka. Nguluwe anabwerera kudzafuna mng'ono wake, ndipo pomudutsa Likongwe anati, "Tikambirana mawa, achimwene." Fodya wako ndi amene ali pamphuno, akuluakulu ananena, ndipo Likongwe wake anamusiya pachala mpaka mphepo inadza.

Ntchefu anakonza kukhosi. Abale a Njati anali atamva ndi kuona, ndipo Ntchefu ankafunika kusonyeza kuti iye za udzuzo sanazidziwe.

"Uyu wanyoza bwalo pa tsiku langa," anatero. "Sindingayambe ufumu ndi kulekerera zotere."

"Awoloke," anatero wina.

Likongwe atamva zimenezo mtima unatsika pang'ono. Kutsidya kunali agalu, inde, koma kunalinso mbumba yake. Anayamba kudzisasa matope.

Ntchefu anamuona. "Ayi. Kumeneko n'kumene akufuna, ndipo chilango sichikhala mphatso. Akhale konkuno. Asadzapondenso kumtsinje. Womuona akulowera kumeneko amubweze, wolephera kumubweza mlandu ndi wake."

Amenewo ndiwo anali mawu oyamba kumanga pakamwa pa Ntchefu.

Bwalo litatsala lopanda anthu, Likongwe anapeza Nang'omba akupinda mphasa.

"Za mlongo wanga ndamva, palibenso pakamwa pomumasula. Koma ine, tsiku la Ntchefu likadzakwana, adzanditsukira m'kamwa, eti? Ndidzapite ndikamufuulireko."

Nang'omba anamanga mphasa ndi luzi, anaikweza paphewa. "Akadzabwera," anatero.

Ndipo anali ndi chifukwa chonenera choncho. Ntchefu anali ataona zonse ndi maso ake. Anaona kuti mtsogoleri akhoza kukana chikho, n'kudutsa pamaso pa anthu mutu uli m'mwamba, dziko osang'ambika, dzuwa n'kulowa monga mwa masiku onse. Chinthu chimene kale chinali chosaganizirika tsopano chinali ndi njira yake yopondedwa.

Likongwe anakaima pamphambano, pamene njira ya kumtsinje imayambira, poti kupitirira apo sakanatha. Obwerera anayamba kutulukira, owonda, a mabala a misampha, abale awo atawanyamulira mitolo. Nyimbo ija inali m'kamwa mwa aliyense, ndipo ovomera ankati mwini nyumba wafika, tsekulani. Ambiri pomudutsa ankayang'ana kumbali. Amene anaima ndi mayi a Nguluwe okha, nkhalamba yoyendera ndodo.

"Amayi, mlongo wanga mwamuona?"

"Ndamuona, mwanawe."

"Mwamusiya bwanji?"

"Ali pamwala paja mumafuulirana. Ana wawatulutsa kuuna, wawasambitsa, mtolo uli pamutu. Wothamanga womaliza atafuula dzina lomaliza n'kubwerera, ine ndinamuuza kuti, Nachanza, maina atha, tula mtolowo, lowetsa ana agalu asanayambe kuyenda."

"Ndiye anati chiyani?"

"Wakana. Akuti, pitani inu amayi, ine ndidikira. Achimwene ndi ochenjera, langa alisungira kumapeto."

Mbatata munakwirira paphulusa ija kaphuleni mudye nokha. Nthano yathera pamwalapo.